Sipanala M'manja mwa Apongozi

Nkhani ya tsiku limene ine ndi apongozi anga tinakonza injini yasimbidwa ndi anthu ambiri kwathu ku Chikwawa, ndipo mwa onsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene analipo. Ena amati inali galimoto. Sinali galimoto, inali njinga yamoto, ya magudumu awiri. Ena amati ndinathiramo mafuta a nsatsi opempha kwa amayi a m'mudzi. Sindinathiremo chilichonse chosachokera m'chitini cha kusitolo. Enanso amati oyilo ankatayika. Chinthu chimatayika pamene chiwiya chagubuduka. Wanga ankadontha, ndipo munthu amene akugula oyiloyo ndi ndalama zake amadziwa kusiyana kwake. Zonsezo ndikanazilekerera. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe n'chakuti anthu ena, mpaka adzukulu anga enieni, amati ine ndi apongozi tinayang'anana, tinacheza, ndipo manja athu anakhudzana. Apongozi anamwalira kalekale ndipo sangathe kudziyankhira. Choncho ndiyankha ine, mwatsatanetsatane.

Zinachitika patapita zaka zingapo nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija itatha, pamene thonje linali litadzaza dambo lonse la Shire. Ine ndinali kalaliki wa pa msika wa thonje, wowerenga sikelo. Kwa bambo anga ndife zidzukulu za anthu aja anabwera ndi Azungu oyamba kuchokera ku Zambezi atawasenzera katundu, ndipo sitinazolowere kwenikweni kukhala kwawo kwa akazi. Koma mkazi wanga anali Mmang'anja, mwana wamkazi yekhayo wa mayi ake, ndipo ndinakwatira chikamwini. Nyumba yanga ndinaimanga pamene anandilozera, kuseri kwa nkhokwe zawo, m'mudzi wa m'mbali mwa mtsinje kumunsi kwa boma.

Achinyamata a masiku ano, amene amadyera m'mbale imodzi ndi apongozi awo, ayenera kuuzidwa mmene zinalili. Mkamwini ndi mayi a mkazi wake ankathawana. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira m'thengo, ngakhale mutakhala minga, kufikira iwo atadutsa. Sindinkawayang'ana kumaso, ndipo iwo sankandiyang'ana. Mawu aliwonse pakati pathu ankadzera mwa munthu wina, kawirikawiri mkazi wanga. Tonse tinali Akhristu, ndipo m'tchalitchi amuna ankakhala mbali yawo, akazi mbali yawo, kotero Chikhristu sichinasokoneze kanthu. Sikunali kudana. Unali ulemu, ndipo unkayenda bwino.

Njingayo ndinaigula kwa Mzungu wina wogula thonje amene ankabwerera kwawo. Pondipatsa anandionetsa kathiridwe ka petulo, kapopedwe ka oyilo, ndi kagwiritsidwe ka masipanala awiri amene anali m'kachikwama ka kumbuyo. Ananenanso kuti njinga zonse za mtundu umenewo zimadontha pang'ono, monga momwe anthu onse amatulukira thukuta. Sanandiuze kuti iyi inali ndi malungo.

Paliponse pamene ndaiimika, m'mawa pankakhala chigamba chakuda. Pabwalo la apongozi, limene linkasesedwa dzuwa lisanatenthe, zigambazo zinachuluka. Nkhuku zinkaponda pamenepo, n'kukayenda pa ufa wa mapira woyanikidwa pamphasa, n'kusiya timapazi takuda todukizadukiza. Mkazi wanga ankabwera ndi uthenga: "Amayi akuti ufa wawo walembedwa kalata, koma iwo sadziwa kuwerenga." Ine ndinkabweza uthenga wopepesa, n'kusuntha njinga, ndipo m'mawa mwake chigamba chinkaoneka pamalo atsopanowo.

Zikanapitirira choncho mpaka kalekale, koma akuluakulu a ntchito anandiuza kuti atsegula msika watsopano kwa Ndamera, kupitirira Nsanje, ndipo ine ndikakhale kumeneko thonje lisanayambe kugulidwa. Kukana kunali kusiya ntchito. Kupita ndekha kunali kusiya mkazi, pakuti mkamwini amene wasowa pamudzi nyengo ziwiri, pobwera amapeza m'nyumba mwake akusungiramo mapira. Choncho ndinatuma ankhoswe anga kukapempha kuti ndimtenge mkazi wanga apite nane, chimene timati chitengwa.

Mwini mawu pa nkhani yotere anali atsibweni a mkazi wanga, mlongo wa apongozi. Anali msodzi, mkulu wa mpingo, munthu wokonda kuseka, amene ankasakaniza Chisena m'mawu ake chifukwa chogulitsa nsomba kumunsi. Iwo analibe chokanira. Koma sakanatha kuvomera mlongo wawo asanavomere, ndipo yankho la apongozi linabwera kudzera mwa mkazi wanga, amene polinena ankayang'ana pansi.

"Amayi akuti mwana wawo sakwera chinthu chokodza pogona."

Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anandiitana pansi pa mtengo wa masawu umene unali pakati pa bwalo.

"Akamwini, mwamva nokha. Mwana wanuyu aleke kukodza. Ine ndichita chonchi: mukamkonza, mupite naye kuboma ndi kubwerera, atenthe bwinobwino. Madzulo ndiwaza phulusa pansi pake. M'mawa tidzaona. Phulusa likadzakhala loyera, mkazi wanu mutenge. Likadzakhala ndi dontho ngakhale limodzi, mupite nokha, muzikatumiza moni."

"Atsibweni, ngakhale Mzungu mwini wake ananena kuti zonse zimadontha pang'ono."

"Ndiye Mzunguyo anakwatira kuno?"

Ndinavomera. Ndinali ndi masiku ochepa, ndipo pamene ndinapeza oyilo watsopano kusitolo ya Mmwenye kuboma, panali patatsala tsiku limodzi lokha logwirira ntchito.

Inali nyengo imene madzi a mtsinje abwerera ndipo aliyense ali kudimba kukabzala. M'mudzi munatsala nkhuku, mbuzi imodzi yaikazi ya apongozi imene inamangidwa pa mtengo wa masawu uja, ndi apongozi eni ake, amene analasidwa ndi munga kuphazi ndipo ankakhala pakhonde lawo kuseri kwa nkhokwe, kumene ine sindinkawaona. Ndinaimika njinga mumthunzi wa masawu, pafupi ndi mbuzi, chifukwa mthunzi wina kunalibe.

Poyamba ndinafuna kudziwa pamene oyilo ankatulukira, pakuti injini yodontha imada paliponse ndipo imanamiza maso. Ndinaitsuka ndi parafini, ndinaipukuta, ndinaiwaza phulusa losefa, ndinailiza kanthawi, n'kuizimitsa. Mzere wakuda unaonekera m'mphepete mwa chivundikiro cha m'mbali mwa injini, kumunsi kwake. Ndinakhuthulira oyilo wakale m'phale la mphika wosweka, ndinamasula mabawuti, ndinachotsa chivundikirocho. Pakati pa chivundikiro ndi injini pamakhala pepala lolimba lotseka mpata, limene amakaniko a lero amati gasiketi. Langa linali litang'ambika, ndipo wina anali atayesa kale kulimata ndi sopo.

Pepala lolimba ndi losalala loyenera ntchitoyo m'nyumba mwanga linali limodzi: chikuto cha buku limene ndinaphunzirira malamulo a Chingerezi kusukulu ya mishoni. Ndinalingalira nthawi ndithu. Kenaka ndinadula chikuto cha kutsogolo, ndinachigoneka pa chivundikiro, ndinagogoda pang'onopang'ono ndi kanyundo m'mphepete monse mpaka chitsulo chinadula pepala molingana ndi maonekedwe ake, ndi maboo omwe. Ndinalipaka phula la njuchi mbali zonse ziwiri. Mpaka pamenepo ntchito inayenda monga ndinaganizira.

Vuto linali pomanga. Mabawuti afupiafupi ankalowa okha m'chitsulo cha injini. Koma awiri a kumunsi, pamene pankadonthapo penipeni, anali aatali, opyoza mpaka mbali ina, ndipo manati ake anali kuseri kwa gudumu lolemera lachitsulo limene limazungulira pambali pa injini. Kuti sipanala igwire manatiwo, inkafunika kuilowetsa mopendeka ndi kuikanikiza ndi manja awiri. Pomasula zinatheka, chifukwa pepala lakale linalibe ntchito. Pomanga, dzanja langa limodzi linkayenera kugwira chivundikiro kuti pepala lisasunthe, lina kuzungulitsa bawuti. Ndinayesa kumangirira sipanala yachiwiri ku chitsulo cha njinga ndi luzi. Inagwa. Ndinaichirikiza ndi mwala. Inagwa. Ulendo wachitatu inagwa pamene ndinkakoka mwamphamvu, chivundikiro chinaterereka, ndipo pepala langa linang'ambika pakati.

Buku lili ndi zikuto ziwiri zokha. Ndinadula cha kumbuyo, ndinachigogoda monga choyamba, ndinachipaka phula, ndinachiika pamwala woyera, ndipo ndinakhala pansi. Dzuwa linali litafika pamutu. Anthu a kudimba sakanabwera kufikira madzulo, ndipo pofika madzulo ndinkayenera kukhala nditapita kale kuboma ndi kubwerera.

Pamenepo ndinamva mawu kuseri kwa nkhokwe. Anali apongozi, ndipo ankayankhula ndi mbuzi.

"Mbuzi iwe, kodi chitsulo chikugwaigwachi chidzaleka liti? Anthu ena phazi likuwawawa, tsopano mutu nawonso."

Ndinaimirira, ndinavula chipewa, ndinafulatira nkhokwe. Ndinaganiza mofulumira. Kuyankha apongozi kunali kosaloledwa. Kusayankha kunali mwano. Koma palibe mwambo umene umaletsa munthu kuyankhula ndi mbuzi.

"Mbuzi," ndinatero, "ukawapepese eni mudzi. Uwauze kuti ntchito ino imafuna manja anayi, ndipo ine ndinapatsidwa awiri."

Mbuzi inkatafuna masamba. Patapita kanthawi mawu anabweranso.

"Uwafunse ngati manja enawo ayenera kukhala opita kusukulu."

"Uwauze kuti ayi. Afunika ogwira osataya basi."

"Uwauze kuti ine ndagwira nkhuku, ndagwira makasu, ndagwira ana pobadwa, sindinatayepo kanthu. Koma sindikufuna kuona nkhope ya munthu. Pakhonde la nkhokwe pali mphasa yatsopano. Aimike."

Ndikufuna owerenga amvetse bwino kakonzedwe ka mphasayo, chifukwa apa ndi pamene osimba amalakwitsa. Ndinamanga chingwe kuchokera ku nthambi ya masawu kukafika ku mzati wa nkhokwe, kudutsa pamwamba pa njinga m'litali mwake. Ndinapachika mphasa pachingwepo, ndipo inatsika mpaka kukhudza thanki ya petulo ndi chishalo. Mphasa ya bango yolukidwa bwino sionetsa kanthu. Munthu wogwada mbali imodzi ankaona injini ndi manja ake okha. Ndinaika sipanala pamwala mbali inayo, ndinabwerera mbali yanga, ndinagwada, ndinauza mbuzi kuti zonse zakonzeka. Ndinamva kutsimphina kwa phazi lopweteka, kenaka kupuma kwa munthu wogwada pansi.

"Mbuzi, uwauze kuti kuseri kwa gudumu lolemeralo kuli timitu tiwiri tachitsulo. Alowetse kukamwa kwa sipanala pa kamutu ka kutsogolo."

"Uwauze kuti ndakapeza. Kadetsa ngati pansi pa mphika."

"Uwauze akankhire kumanja."

Sipanala inapita kumene sindinkafuna.

"Uwauze kuti ndati kumanja."

"Uwauze kuti kumanja kwawo si kumanja kwanga. Tayang'anizana, ngakhale sitikuonana. Anene ngati munthu: kumtsinje kapena kumapiri."

Ananena zoona, ndipo kuyambira pamenepo tinagwiritsa ntchito mtsinje ndi mapiri. Gudumu la kutsogolo linali litaloza kumtsinje. Ndinaika pepala, ndinaika chivundikiro, ndinachigwira ndi dzanja lamanzere, ndinalowetsa bawuti yoyamba.

"Uwauze akankhire kumtsinje, ndipo asataye ngakhale amve kukoka."

Ndiyenera kunena chimene chinali m'mutu mwanga nthawi imeneyo. Munthu amene anali kuseri kwa mphasa ndiye yemweyo amene sankafuna kuti mwana wake apite. Akanangofewetsa dzanja pang'ono, sipanala ikanagwa, pepala lomaliza likanang'ambika, ndipo palibe akanawaimba mlandu, pakuti mayi wachikulire wopweteka phazi sayembekezeka kudziwa za injini. Ine ndinkadziwa zimenezo. Iwonso ankadziwa. Ndinakoka bawuti, ndipo mbali inayo sipanasunthe kanthu, ngati kuti sipanala yakhomeredwa pa mlambe.

Chivundikiro sichimangidwa mbali imodzi kamodzin'kamodzi. Umakoka bawuti iyi pang'ono, n'kupita ku ya kutsidya kwake, n'kubwereranso, kuti pepala likhale pansi mofanana. Choncho ntchitoyo inatenga nthawi, ndipo apongozi ankasamutsa sipanala kuchokera ku kamutu kena kupita ku kena monga mbuzi inkawauzira. Tili pakati, anayambanso kuyankhula, ndipo mawu awo anali otsika.

"Mbuzi iwe, uwafunse. Kumene akupitako, si kuja ana amatsata abambo awo?"

"Uwauze kuti ndi mwambo wa eni dzikolo, koma ine ndikupita kukawerenga sikelo, osati kukasintha mtundu."

"Onse amatero. Mwana wa mnzanga anatengedwa kupita komweko. Ana ake amayankhula Chisena chokhachokha. Agogo awo atapita kukawaona, anawo anafunsa kuti mayi wogulitsa mchereyu akufuna chiyani."

Ndinauza mbuzi kuti sipanala ibwerere ku kamutu ka kumapiri.

"Yabwerera. Uwauzenso ichi, popeza iwo ndi owerenga. Akuyesa kuti njinga yawoyi idzanyamula anthu awiri. Awerengenso. Ndi atatu."

Umo ndi mmene ndinamvera kuti mkazi wanga anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Nkhani yotere inkayenera kundipeza kudzera mwa amayi achikulire a m'mudzi, pa tsiku lake, ndi malangizo ake. Inandipeza nditagwada m'fumbi, kudzera mwa mbuzi. Ndinazindikiranso kuti oyilo sanali vuto la apongozi kuyambira pachiyambi. Ndinakoka bawuti imodzimodziyo kawiri, ndipo mawu a kuseri kwa mphasa anauza mbuzi kuti imeneyo yamangidwa kale.

"Mbuzi," ndinatero, "uwauze kuti mwanayo adzabadwira m'mudzi muno, m'manja mwawo. Ndidzabwera naye mayi wake nthawi isanakwane. Ndipo chaka chilichonse thonje likatha, tizidzakhala kuno kufikira mvula."

Sipanala inali chigwirire.

"Uwauze kuti mawu onenedwa kwa mbuzi savuta kunena."

"Uwauze kuti ndidzawabwereza pamaso pa atsibweni ndi ankhoswe anga."

"Uwauze amalize ntchito yawo. Manja anga achita dzanzi."

Ndinamaliza. Ndinauza mbuzi kuti sipanala ikhoza kuikidwa pansi, ndipo ndinathokoza eni mudzi. Ndinamva kutsimphina kukubwerera kukhonde. Ndinadikira mpaka kunakhala chete, ndipo pamenepo ndi pamene ndinatsitsa mphasa. Pa nthawi yonseyo chimene ndinaona cha apongozi anga ndi nsonga ya sipanala yokha. Chimene chinakhudza manja a tonse awiri ndi chitsulo, ndipo chinali chitsulo chosiyana mbali iliyonse.

Ndinathira oyilo watsopano, ndinaliza injini, ndinapita kuboma ndi kubwerera mumsewu wa fumbi uja, ndikuima kawirikawiri kusuzumira pansi. Madzulo atsibweni anabwera kuchokera kumtsinje, anasesa pansi pa masawu, anasefa phulusa ndi lichero mpaka pansi panayera ngati ufa, ndipo tinaimika njinga pamwamba pake. Anazungulizapo minga kuti nkhuku zisapondepo. Kwa mkazi wanga sindinanene kanthu za chimene ndinamva, pakuti mwa mwambo ndinali ndisanamve.

M'mawa anthu anasonkhana ambiri kuposa amene nkhaniyo inkawakhudza. Atsibweni anachotsa minga, anagwada, anasuzumira, anagona chammimba, ananunkhiza. Anapititsa chala pansi pa injini n'kuchiyang'ana padzuwa.

"Pyadidi," anatero m'Chisena chawo chija, kutanthauza kuti zili bwino. "Mwana wakula. Waleka kukodza."

Anthu anaseka, ndipo ine ndinayesa kuti nkhani yatha. Ndinasunthira kuseri kwa mtengo kuti apongozi athe kubweretsa madzi oti mlongo wawo asambe m'manja. Ndili komweko ndinamva madzi akuleka kuthiridwa.

"Alongo, m'zikhadabo zanumo muli chiyani?" anafunsa atsibweni.

"Mwaye."

"Mwaye wonunkha parafini? Nanga nsalu yanu ya biriwitayi, pabondopa?"

Oyilo wakale wa injini sachoka ndi phulusa kapena mchenga. Wina anabweretsa mphasa ija, imene inali ndi mzere wakuda m'mphepete mwake ndi fungo la petulo. Atsibweni anakhala pampando wawo, anthu anakhala pansi, ndipo nkhani ya phulusa inasanduka mlandu. Apongozi anakhala moyang'ana nkhokwe, atafulatira bwalo. Ine ndinakhala kuseri kwa tsinde la masawu, moyang'ana kumtsinje.

"Akamwini, dzulo m'mudzi muno munatsala anthu angati?"

"Awiri, atsibweni."

"Njingayi inakonzedwa ndi manja angati?"

"Anayi."

"Ndiye munayankhula ndi apongozi anu."

"Sindinayankhule nawo. Ndinayankhula ndi mbuzi."

"Alongo, inu munayankhula ndi mkamwini wanu?"

"Ine ndi mkamwini? Mwandiona bwanji? Ndinkacheza ndi mbuzi yanga. Ngati wina ankamvetsera, ameneyo ndi mwano wake."

"Munaonana?"

Ndinafotokoza za chingwe ndi mphasa, kutalika kwake ndi pamene inalekezera. Atsibweni analamula kuti mphasa ipachikidwenso monga inalili. Anagwada mbali imodzi, anagwaditsa mkulu wina wa mpingo mbali inayo, ndipo anafunsana ngati akuonana. Sankaonana.

"Chabwino," anatero atsibweni akudzisansa fumbi. "Mphasa yogona pansi ndi mphasa. Mphasa yoimirira ndi khoma. Anthu awiri okhala uku ndi uku kwa khoma sanalakwe. Koma ukwati uno ndinkayesa kuti uli ndi ankhoswe awiri, ine ndi mnzanga wa kuchimuna. Lero ndamva kuti alipo atatu. Mbuzi iyi yasenza mawu a m'banja amene ngakhale ine sindinawamve. Singagulitsidwenso kwa anthu akunja, ingakaulule. Tiidya ife eni ake. Akamwini, inu munailemba ntchito, mudzabweza ina. Muonjezepo nkhuku, ya manyazi a alongo anga."

"Mbuziyo ndinaitenga kwa Chapananga," anatero apongozi, akuuza nkhokwe. "Yobwezayo ichokere komweko. Za kuno ndi zoonda."

Pamenepo ndinapempha kuyankhula, ndipo pamaso pa atsibweni, ankhoswe anga ndi anthu onse ndinalonjeza kuti ana athu azidzabadwira m'mudzimo, ndi kuti chaka chilichonse msika ukatsekedwa tizidzabwera kudzakhala kufikira mvula. Atsibweni anandiyang'ana modabwa, pakuti palibe anali atandifunsa zimenezo. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Nanga alongo, phulusa mwaliona. Mwanayu apite?"

Apongozi anayankha akuyang'anabe nkhokwe.

"Ndinagwira ndine. Sichidonthanso. Apite."

Mkazi wanga, amene anakhala pakati pa amayi, anaphimba nkhope ndi nsalu.

"Koma sakwera," anapitiriza apongozi.

"Sakwera bwanji? Si chimene takonzera njinga?"

"Mumsewu wa mabampu uja sakwera. Apite pabwato."

"Chifukwa?"

"Funsani mbuzi."

Atsibweni anayang'ana mbuzi, anayang'ana mkazi wanga amene anali chiphimbire nkhope, ndipo anamvetsa. Amayi achikulire anayamba kuyang'anana.

Choncho ndinapita kwa Ndamera ndekha panjinga, ndi kachikwama ka zovala pamalo pamene pakanakhala mkazi wanga. Iye anatsika ndi mtsinje pabwato la atsibweni, ndi miphika, mtondo, mphasa ndi thumba la mapira, ndipo ndinakamchingamira padooko ku Nsanje. Mvula isanagwe ndinambwezera kwa mayi ake, pabwatonso, ndipo mwana wathu wamkazi anabadwira kumeneko. Njingayo mkazi wanga sanaikwerepo ndi kamodzi komwe, pakuti pambuyo pake nthawi zonse pankakhala mwana, kaya kumsana kaya panjira. Chivundikiro chija sichinadonthenso. Injini inadzayamba kudontha malo ena, koma nthawi imeneyo panalibe wowaza phulusa.

Zimene ntchitoyi inadya, monga ndikuzikumbukira, ndi izi:

Oyilo, chitini chimodzi: masheleni awiri.
Parafini wotsukira injini: tiki (makobidi atatu).
Phula la njuchi: kobidi limodzi.
Petulo wopitira kuboma ndi kubwerera: sikisi (makobidi asanu ndi limodzi).
Zikuto za buku: ziwiri.
Luzi: la m'thengo, laulere.
Mphasa ya bango yobwezera yodetsedwa: imodzi.
Nsalu ya biriwita ya apongozi: mikono inayi.
Nkhuku: imodzi.
Mbuzi yaikazi ya kwa Chapananga: masheleni anayi, ndi ulendo wa pansi wokaitenga.
Opalasa bwato awiri, kupita ndi kubwerera: masheleni atatu ndi chakudya chawo.
Wogwira sipanala: sanalipiritse.